Chitsulo cha M'malire

Apongozi anga ankakanganirana malire a munda ku Mlangeni ndi a Nachisale, mayi wamasiye. Poti ndili ndi makina ofufuzira zitsulo ochokera ku Joni, anandiitana ndidzapeze chitsulo chomwe makolo anakhoma m'maliremo.

Mvula inali itagwa, ndipo dothi likanyowa makinawa amamva zakuya. Analira mkatikati mwa mizere ya apongozi. Ndiye kuti iwo ndiwo anali atalowerera m'munda wa a Nachisale. Apongozi anandiyang'anitsitsa, khasu lili m'manja.

"Ndi chinyezi ichi, chimapusitsa makina," ndinanama.

"Chabwino bambo, tidikira chilimwe," anatero a Nachisale.

Ndinkadziwa kuti dothi likauma gwa, makinawo sadzamva kanthu. Pochoka, a Nachisalewo anandininkha mbatatesi zondithokoza. Ine wopanda manyazi ndinalandira ndi manja awiri.