Apongozi Anatsata Juzi Yachikasu

Anthu a mumsewu wake ankangomutchula kuti Mayi Telala. Utsikana wake wonse unathera pakhonde la sitolo ya zitsulo, phazi pa makina, mapini pakamwa. Mwamuna wake ankawotcherera zitsulo kudziko lakutali, ndipo pakhomo anatsalapo ndi iye ndi apongozi ake aamuna, gogo wouma mutu amene ng'ala inawaphimba maso onse awiri. Ankangoona mitundu ndi zithunzithunzi, nkhope ayi.

Mwamunayo atapeza dokotala wa maso kumeneko, anatumiza matikiti awiri. Ndege yoyamba inayenda bwino. Vuto linali posinthira ndege, pabwalo lalikulu ngati mzinda wofoleredwa denga limodzi. Anthu ankadutsana ngati nyerere, zokuzira mawu zikulankhula m'zinenero zimene Mayi Telala sankazimva.

"Bambo, muzingoyang'ana juzi yangayi," anawauza. "Komwe kwalowera chikasu, inunso komweko."

"Ndamva, mayi. Si mwana ine."

Anayenda choncho, iye patsogolo ndi chikwama, gogo m'mbuyo ndi ndodo yawo. Anadutsa masitolo a mafuta onunkhira ndi mawotchi, mpaka anafika pafupi ndi chipata cha ndege yawo. Apo m'pamene gogo anatsokomola mwamanyazi n'kunena kuti akufuna kupita kukadzithandiza.

Mayi Telala anawafikitsa pakhomo la chimbudzi cha amuna n'kuima panja. Amuna ankalowa n'kutuluka. Amene analowa pambuyo pa gogo anatuluka akupukuta m'manja, koma gogo osaoneka. Atacheuka anaona kuti kuchipata kwawo anthu ayamba kuima pamzere.

Anasuzumira pakhomo n'kuitana chapansipansi, "Bambo?" Kunali zii. Anamangitsa lamba wa chikwama, anaweramitsa mutu n'kulowa.

"Bambo!"

Amuna onse amene anali m'menemo anatembenuka, ngati onse anali apongozi ake. Wina wa tayi anamukalipira m'chinenero chake. Iye sanasamale. Anayenda akuyang'ana pansi pa zitseko, kufuna nsapato zabulauni zimene anazipukuta yekha m'mawa. Panalibe. Kumapeto kwa chipindacho anapeza khomo lina, lotulukira kukhonde lina, lalitali kuposa limene anadzera lija.

Mapasipoti onse awiri anali m'chikwama chake. Gogo analibe foni, analibe pepala lililonse, ndipo chinenero chawo panalibe wochimva. Akamuuza chiyani mwamuna wake? Kuti bambo ake wawataya m'chimbudzi?

Anagwira mkono mayi wina wokolopa. Anayesa kulankhula ndi manja: anawerama, anayerekeza kugwira ndodo, analoza maso. Mayiyo anapukusa mutu mwachisoni n'kuloza desiki yakutali kumene kunali mzere wautali. Mayi Telala anayamba kuthamangira kumeneko, koma anaima njii. Wokolopa uja anavala chovala chachikasu chonyezimira. Wokankha njinga ya olumala, chachikasu. Woyendetsa kagalimoto ka okalamba, chachikasunso. Bwalo lonselo linadzaza ndi chikasu, ndipo chikasu chilichonse chinkalowera kwake.

Anasankha cha kumanja, kumene anaona wachikasu akukhota pakona. Anamupeza ali yekha. Anabwerera. Zokuzira mawu zinatchula dzina la mzinda umene ankapitako, kenako zinatchula chinthu chofanana ndi dzina la banja lawo, chopotozedwa ngati msoko wa wophunzira. Anadziwa kuti akuitanidwa. Thukuta linali litanyowetsa juzi yonse.

Pa masitepe oyenda okha anayang'ana pansi. Gogo ankawaopa masitepe amenewo, ndiye sakanatsika. Anadutsa. Ndipo m'kati mwa phokoso lonselo anamva mawu amene ankawamva tsiku lililonse madzi osamba akazizira.

"Mwayamba liti kusandiyankha, mayi? Ndikuti chepetsani liwiro."

Bambo wina wamtali wovala zachikasu ankakankha mzere wa matirole a katundu, zomvera nyimbo zili m'makutu. M'mbuyo mwake gogo ankakwakwaza mapazi, ndodo ikugogoda pansi, akuwefuka. Patsogolo pawo panali zitseko zagalasi zotseguka zokha, zimene munthu akadutsa sabwereranso, wapolisi ataima pambali.

Mayi Telala anaponya chikwama kumsana n'kuthamanga. Anawagwira jekete tirole yoyamba italowa kale pazitsekozo.

Gogo anatembenuka, anayang'ana chikasu ichi, anayang'ananso chimene chinkapita chija.

"Nanga uyo ndani?"

"Ndikuuzani m'ndege, bambo. Ndigwireni mkono."

Chikwatiwire m'banjamo anali asanagwiranepo dzanja ndi apongozi akewo. Gogo anazengereza pang'ono, kenako anamugwira pachigongono.

Kubwerera kunali kutali, ndipo gogo mpweya unali utawathera. Mayi Telala anaima pakati pa njira n'kutambasula dzanja kutsogolo kwa kagalimoto ka okalamba kaja. Woyendetsa anaponda buleki mokwiya, koma ataona tikiti ndi nkhope ya gogo anawakweza n'kuliza belu njira yonse.

Pachipata panalibe mzere. Mtsikana wa yunifolomu anali atayamba kukoka lamba wotsekera. Anayang'ana mapasipoti, anayankhula pafoni nthawi imene inaoneka ngati chaka, kenako anakweza lambayo.

M'ndege anthu onse anali atakhala kale, akuwayang'ana. Mayi Telala anawakhazika gogo n'kuwamanga lamba. Atafuna kumanga wake, zala zinakana, chitsulo cha lambayo chikungogundana ndi chinzake.

Gogo anamva kugundanako. Anaweramira kwa iye.

"Mwana wanga tisakamuuze zimenezi," ananong'ona. "Adzatiseka tonse awiri."

"Sindikamuuza, bambo."

"Komatu munthu uja amayenda moipa. Ndinadabwa kuti mwatalika liti."