Kabokosi ka pa Boti

Chaka chimene makuponi a feteleza anandilambalala, chimanga changa chinachita chikasu chisanafike m'mawondo. Alamu anga, omwe anali tenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Santhe, anandiuza kuti ku damu la pamenepo akufuna munthu wodziwa kusambira. Ine ndinakulira m'mbali mwa mtsinje wa Bua, ndiye ananditenga.

Damulo linali lothirira nazale, koma Loweruka kunkabwera anthu a m'tauni kudzawedza ndi kukwera maboti a injini. Ntchito yanga inali kusakaniza petulo ndi oyilo, kukapa madzi, kuveka alendo majekete oyandamitsa, ndiponso kuyatsa kabokosi ka pansi pa mpando. Kabokosiko kankatumiza dzina la boti ndi pomwe lili ku kanema wa mu ofesi ya a Mwale, akapitawo athu. Boti lililonse linkaoneka ngati kadontho koyenda.

Alendo ambiri ankadana nako. Ena sankafuna anzawo adziwe pomwe akugwira milamba, ena ankati abwera kudzapuma, osati kudzalondedwa ngati ng'ombe. Akangotalikira gombe, ankakazimitsa.

Loweruka lina mu Januwale kunabwera bambo wina wogula fodya ndi mwana wake wamkazi. Ndinawapempha kuti kabokosi asakakhudze, chifukwa kumwamba kunali kutada.

"Iwe, ntchito yako ndi kukankha boti," anatero.

Posakhalitsa kadontho kawo kanazima, mvula yamkuntho n'kuyamba. Maboti ena anabwerera, lawo ayi. Damulo lili ndi nthambi zambiri zodzaza bango, ndipo mvula ikalimba suona ngakhale kutsogolo kwa boti lako. Ine ndi a Mwale tinatenga boti lina n'kulowera kumpoto, komwe kadontho kanaonekera komaliza. Tinaitana mpaka mawu kusasa. Pamenepo n'kuti iwo ali kummwera, injini itakodwa m'udzu, boti likudzaza madzi.

Tinawapeza mvula itakata. Mwanayo anali atasiya kulira, milomo itachita mbuu, akungonjenjemera. Ndinamufunditsa malaya anga, ndipo anagona masiku angapo m'chipatala chifukwa cha chibayo. Bamboyo anauza abwana, eni esiteti, kuti kabokosi kanazima kokha, komanso kuti tinachedwa dala.

Ndinkaganiza kuti tsopano alamula zoti aliyense asamazimitse. M'malo mwake abwana anati timabokosi tonse tichotsedwe, poti tikukwiyitsa makasitomala. A Mwale anandipatsa sipanala osandiyang'ana kumaso.

"Masula, mphwanga. Damu si lathu."

Ndinamasula, ndipo fodya atapita ku okushoni ndinasiya ntchito. Mpaka lero anthu amanditsutsa, amati boti la masewera si sitima, lisiyeni liyende mwaufulu. Ine ndimati boti lililonse lonyamula anthu likhale ndi kabokosiko, ndipo kasakhale ndi pozimitsira. Amene amazimitsa ndi wamkulu, koma mwana amene wakhala naye m'botimo palibe amamufunsa.