Ayezi wa ku Chambe

Bambo anga atayamba kulephera kumeza, mwezi wa Juni, anapempha chinthu chimodzi chokha: madzi oundana a ku Chambe, pamwamba pa phiri. Anachekako matabwa zaka zambiri, ndipo ankati m'mawa wa chisanu ankathyola kachibenthu pa thanthwe n'kumayamwa. Ndinawagulira ayezi ku Chitakale. Anangomununkhiza n'kutembenukira kukhoma.

"Uyu ndi wa nsomba," anatero.

Ndinakwera phiri n'kukagona kwa ocheka matabwa. Kutacha ndinapeza madzi ataundana m'kadzenje ka pathanthwe, opyapyala ngati galasi la nyali. Ndinawaika m'chitini chachitsulo chomwe chinali chitazizira mpaka kuluma zala, poganiza kuti chozizira chisunga chinzake. Ine, mphunzitsi wa sayansi, amene chaka ndi chaka ndinkalemba pa bolodi kuti chitsulo chimadutsitsa kutentha msanga! Potsika, ndisanafike n'pakati pomwe, m'chitinimo munali madzi okhaokha. Ndinakhala pamwala n'kulira ndi mkwiyo, pakuti bambo analibe masiku otaya.

Pomwepo anandipeza mkulu wina, thabwa lili pamutu, amene kale ankacheka ndi bambo anga. Atamva nkhani yanga anaseka kaye, kenaka anatula thabwalo.

"Aphunzitsi, chitsulocho mukuchimva kuzizira chifukwa chikukuberani kutentha kwa m'zala. Nanga kwa dzuwa chingakukane? Tiyeni tibwerere kumtunda."

M'mawa mwake anasanjikiza zibenthu zambiri, anazikwirira mu utuchi wouma wa mkungudza, n'kukulunga zonsezo ndi jekete lawo. Kuveka ayezi jekete! Ndikanakhala m'kalasi ndikanafotokoza bwinobwino chifukwa chake, koma apo manyazi anangondigwira. Iwo anatsala ndi malaya okha, mano akugundana.

"Thamangani. Osatsegula panjira kuti muone, iyayi."

Ndinatsika osapuma. Kunyumba mayi anafukula utuchiwo ndi zala, pang'onopang'ono. Unali utanyowa wonse. Pakati penipeni panatsala kachidutswa kosaposa chikhadabo. Anakaika pa lilime la bambo, ndipo iwo anatsinzina, kadontho kakutsikira pachibwano.

"Akumveka mkungudza," ananong'ona. "Wakukulungira ndani?"

Ndinawauza. Anamwetulira koyamba m'mwezi wonsewo.

"Ukam'bwezere jekete lakelo. Kumtunda kuja kumazizira."

Ndinakalibweza patatha masiku anayi, popita kukawauza mkulu uja za maliro a bambo.