Seva Yobadwa Lachinayi

Ku Takoradi kuno ukamva munthu akukalipira kompyuta ngati mwana wake, usachite kufunsa, ndi Araba Quansah ameneyo. Amayi ake ankawamba nsomba ku Sekondi. Iye anayamba ndi kukonza mafoni pa kathebulo kumsika, lero ofesi ikagula seva yatsopano, kompyuta yaikulu yosungira zinthu, woitanidwa ndi iyeyo. Wamfupi, wamawu aakulu, sikuludiraiva amaisomeka m'duku. Ndakangana naye kangapo ndipo sindinapambanepo, zimandiwawa mpaka lero.

Ine ndimawerenga mauthenga a maliro pa kawailesi ka Egya Bentsil. Egya ndi akazi awo, Maame Tawiah, sanaone mphatso ya mwana, ndiye wailesiyo inasanduka mwana wawo. Chatsopano chilichonse chikabwera, kaya galimoto kaya mlongoti, chimayamba chakhala sabata osatchulidwa dzina, monga timachitira ndi khanda, kenako mwambo wotchula dzina. Maame anatisiya chaka chatha. Mawu awo onse, mapulogalamu am'mawa aja ankaseka ndi amayi amumsika, anatsala m'kompyuta imodzi yakale imene inali itayamba kulira kete kete m'kati. Kwina kulikonse kunalibe.

Seva inafika Lachinayi m'mawa, Araba ali pambuyo pake pa takisi. Anang'amba katoni, kulumikiza zingwe, kuyatsa. Makina amenewa amabwera pulogalamu yowayendetsa ili kale m'kati, ntchito n'kungoyankha zimene akufunsa poyamba. Chilankhulo, anayankha. Nthawi ya kuno, anasankha. Nambala yake pa netiweki, analemba osayang'ana n'komwe zala. Kenako inafunsa dzina.

"Ima pomwepo, mwananga," anatero Egya ataima pakhomo. "Pano sititchula dzina sabata isanathe."

"Egya, iyi popanda dzina sisuntha. Ingokhala chotiyang'ana chonchi."

"Ikhale. Ikuthamangira kuti?"

Araba anapita pa kompyuta yakale ija, anagunditsa khutu pachitsulo, n'kundikodola. "Inu amaliro, tabwerani mumve. Si paja za akufa mumazidziwa ndinu?" Ndinamva. Inkalira ngati tcheni cha njinga chotha mafuta. "Disiki iyi sabata siifika," anatero. "Ikafa, Maame afa kachiwiri, ndipo wolengeza mukhala inuyo."

Ndinapsa mtima kuti mtsikana angalankhule choncho pamaso pa munthu wamkulu wamasiye. Komanso ndinachita mantha, chifukwa sanali kunama. Egya anakhala pampando. Kenako anati, "Mwambo umenewu anauyambitsa ndi Maame yemweyo. Ndiuphwanye ine, iye atangogona kumene?"

Apa ndiye pamene ndimamupatsira ulemu Araba, ngakhale sindingamuuze. Wina akanangolemba dzina mwakabisira mkuluyo atatembenuka. Araba amati makina oyambidwa ndi bodza amadzavuta mwini wake. Anamasula kenke, nsima yathu yowawasa ija, ndi nsomba zimene anabwera nazo, anadya, ananyambita zala.

"Egya, inu munabadwa tsiku lanji?"

"Lachisanu."

"Nanga dzina lanu la Fiifi anachita kukuitanirani anthu?"

"Ayi, limenelo ndi la tsiku. Munthu amabadwa nalo."

"Ine ndinabadwa Lachiwiri, n'chifukwa chake ndine Araba, palibe anadikira sabata. Iyinso yatsegula maso lero Lachinayi. Ikakhala yamphongo ndi Ekow, ikakhala yaikazi ndi Aba. Sitikuitcha ndife, yabwera nalo. La ulemu lija mudzaipatsa nokha pa tsiku lake, ine sindilikhudza."

Egya anayang'ana seva ija nthawi yaitali, timagetsi take tobiriwira tikuphethira. Anayankha motsitsa mawu, "Ndi yaikazi."

Araba analemba Aba, makina anapita patsogolo. Pa mawu achinsinsi anatiitana awiri, Egya ndi ine, kuti wina akaiwala wina akumbuke. "Koma osati dzina la Maame," anachenjeza, "limenelo ngakhale wogulitsa malalanje pageti angalilote." Seva inazima yokha, inayakanso, inali yokonzeka. Pokopera anayamba ndi mawu a Maame, kenako nyimbo, zina zonse pambuyo. Yakale ija inkatulutsa zinthu pang'onopang'ono ngati wodwala akumwa phala, ndipo Araba ankaikalipira ndi kuinyengerera mosinthanasinthana.

Yakaleyo inafa Lamulungu masana, osadzukanso. Zimene zinapita nayo ndi zotsatsa sopo ndi mauthenga anga akale a maliro. Nditadandaula, Araba anati eni ake mauthengawo sabwera kudzafunsa. Pakamwa pa mkazi ameneyu!

Lachinayi lotsatira anthu anadzaza pabwalo la wailesi, atavala zoyera. Egya analowa m'chipinda cha makina atanyamula kapu ya madzi ndi ina ya mowa, zoti adonthezere mwana palilime monga mwa mwambo. Araba anaima kutsogolo kwa seva manja ali tambasu.

"Egya, dontho limodzi lokha pamenepa, tiyambana mpaka kumwamba."

"Ndiye ndidonthezere pati? Mwana ayenera kulawa."

Araba anatulutsa lilime lake. Anthu anaseka mpaka ena kugwira makoma. Egya anamudonthezera madzi, kenako mowa, akunena mawu aja akuti ukati madzi akhale madzi, ukati mowa ukhale mowa. Atatero anatembenukira seva, n'kutchula dzina: Aba Tawiah.

Palibe anamuuza Araba chochita. Anangodina batani, ndipo m'masipika monse, mpaka panja pamsewu, munamveka kuseka kumene tinali titakuiwala kukoma kwake. "Mwadzuka bwanji, amayi anga amumsika?" anatero mawu a Maame. "Ine ndafika kale pantchito. Bentsil wanga ndamusiya akuliza nkonono."

Ine misozi inatsika, sindibisa. Egya anaika makapu aja pansi bwinobwino, anaongola nsalu yawo paphewa, anayankha sipika ija ngati munthu ali pakhomo.

"Bodza limenelo, Tawiah. Ndinali maso."