Dzinja Limene Tsitsi la Enelesi Linafiira

Ndimachionabe chipeso cha mtengo cha amayi, cha mano otalikirana, chitagona pamphasa, pakati pa manowo patakodwa tsitsi lofiira la mng'ono wanga Enelesi. Linali dzinja, chimanga chitayamba kumasula, kumudzi kwa atate cha kufupi ndi Sinda. Ine ndinali kamtsikana ka giredi folo, kotha kale kubereka mwana kumbuyo chidebe chili pamutu. Enelesi anali asanakwanitse zaka ziwiri. Mpaka lero ndikamva fungo la mafuta a nsatsi mtima umandigunda, chifukwa dzinja limenelo ndinkadzuka m'mawa uliwonse ndikuganiza kuti mwana ameneyu atifera m'manja.

Amayi kwawo kunali ku Vubwi. Atate anawatenga chitengwa, ndiye pamudzi paja anali mlendo ngakhale anali atabereka kale ana awiri. Chimene anabwera nacho kuchokera kwawo, kupatula mphika ndi lichero, linali luso la tsitsi. Akazi a pamudzi ankawajeda m'mawa, masana n'kubwera kudzakhala pakati pa miyendo yawo kuti awaluke mukule, mizere ija yotsata mutu. Malamulo awo ndinawaloweza ndisanaloweze katekisimu. Tsitsi louma sapesa, ankatero, ukalipesa louma ukungolithyola. Ankathyola masamba a chewe, aja timaphika therere, n'kuwatikita m'madzi ofunda mpaka madziwo ayambe kulenda, ndipo ndi madzi amenewo ankatsuka mutu. Sopo wochapira zovala sankafika pamutu pa munthu, ati amasiya tsitsi ngati udzu wa padenga. Mfundo ankamasula ndi zala, kuyambira kunsonga kutsikira kumizu, chipeso chinkabwera pomaliza penipeni. Mafuta ankayenga okha: kukazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa, n'kutapa oyandama pamwamba ndi chipande, nyumba yonse n'kudzaza fungo lolemera lija lokhala ngati nsawa zopserera. Ankapaka tsitsi lisanaume, kuti mafutawo atsekere madzi m'kati. Poluka mwana, ukaona nsidze zake zakwera dziwa kuti wakoka kwambiri, masula uyambirenso. Pogona, duku. Ndipo tsitsi lotsalira m'chipeso ulikulunge, ukaponye m'chimbudzi, lisatoledwe ndi mbalame kapena munthu wa mtima woipa.

Chaka chimenecho atate anapita kukagwira ntchito ku mafamu a fodya titangomaliza kubzala. Anasiya amayi ali ndi pakati, ndipo akuluakulu analamula kuti Enelesi aleke kuyamwa, poti mkaka wa mayi woyembekezera ati umadwalitsa mwana. Nkhokwe inali itatsala pansi penipeni. Nsawa zonse zinapita kumunda ngati mbewu, moti phala la Enelesi linali ufa, madzi ndi mchere basi. Amayi ankachoka kusanache kupita kuganyu, ndiye kusambitsa mwana, kumudyetsa ndi kumusamala mutu zinagwera ine. Ndinkanyada nazo. Ndinkatsata malamulo onse aja limodzilimodzi, chewe ndinkakathyola ndekha m'mphepete mwa munda wa thonje.

Poyamba tsitsi lake linangofewa. Enelesi anabadwa ndi tsitsi lolimba, lopotana ngati la atate, ndipo kumupesa inali nkhondo: ankalira, kuponda, tsiku lina mpaka anandiluma pantchafu. Tsopano linayamba kuwongoka lokha, chipeso n'kumangodutsa. Akazi pachitsime ankaligwira n'kumati mwanayu ali ndi tsitsi la chikaladi, mwayi wake. Ine, kupusa kwanga, ndinkaganiza kuti ndi manja anga abwino. Kenaka linayamba kufiira. Ife atsikana tinkaphunzirira kuluka pa ndevu za chimanga tikamachita masanje, ndipo tsiku lina ndikumugawa mizere ndinazindikira kuti zala zanga zikugwira chinthu chomwecho, chofewa, chofiirira, chothothoka ukangokoka pang'ono. Masaya ake anatupa, anthu n'kumati wanenepa. Koma chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti analeka kulimbana nane. Ndinkamukhazika pamphasa, iye n'kungokhala duu, maso ali patali, ngakhale ntchentche imutere pamlomo. Tsiku lina pomusambitsa ndinamugwira phazi, ndipo nditachotsa chala panatsala kadzenje. Ndinadikira kuti kabwerere, koma sikanabwerere.

Kumudzi kwathu mwana akatupa chotero, dzina lake linali limodzi: tsempho. Ankati kholo likachita zosayenera ndi munthu wina pamene mwana adakali wakhanda, mwanayo amatupa n'kufa. Sindinkamvetsa bwino zosayenerazo, koma ndinkamvetsa kuti atate kulibe, ndiye chala chiloza amayi. Ndikafika pachitsime nkhani zinkangoti zii. Pa phada mnzanga wina, nditamugonjetsa, anandiuza m'maso muli gwa kuti amako anamusempha mwana. Ndinamumenya ndithu, sindibisa, ndipo lero lomwe nditha kumumenyanso. Koma ndinabwerera kunyumba Enelesi akulemera kumsana ngati thumba la mchenga wonyowa.

Amayi anaziona zonsezi, sanali akhungu. Mantha ndiwo anawalowa poipa. M'mawa wina, asanapite kuganyu, anatenga kamtengo n'kupala mwaye kudenga la khitchini, anausakaniza ndi mafuta a nsatsi m'kachivindikiro ka botolo, n'kuyamba kupaka mutu wa Enelesi pang'onopang'ono mpaka tsitsi lonse linada bii. Pamwamba anamuveka chipewa cha ulusi. Sanandiyang'ane kumaso. Anangoti uzichita chonchi tsiku lililonse, ndipo chipewachi usamuvule pagulu. Mayi yemweyo amene sankalola ngakhale sopo pamutu pa mwana. Tsiku la sikelo litakwana sitinapite, chifukwa kumeneko ana amawavula zonse pamaso pa akazi a midzi yonse. Choncho m'mawa uliwonse ndinkadetsa tsitsi la mng'ono wanga, zala zanga zikumva kuti latsala lochepa kuposa dzulo, ndipo pansi pa mwayewo khungu likuonekera. Ndinkamuika khutu pachifuwa akagona masana kuti ndimve ngati akupumabe. Kusukulu ndinaleka kumva zimene aphunzitsi akunena.

Chinatiulula ndi mvula. Ndinkachokera kudimba masana ena, Enelesi ali kumbuyo, mvula n'kutipeza pakati pa njira, ija yobwera mwadzidzidzi ndi mphepo. Nyumba yapafupi inali ya azakhali anga, aNaphiri, mlongo wawo wa atate, ndipo ndikanakonda kunyowa mpaka kumafupa kusiyana n'kuima pakhonde pawo. Anali mayi wamtali, wofwenkha fodya wa m'mphuno, ndipo mawu a tsempho aja ambiri ankachokera pakamwa pawo. Koma anandiona, n'kundikuwira kuti iwe ukufuna kupha mwanayo ndi chibayo, bwera kuno. Nditamutsitsa, madzi akuda anali akuyenderera kuchokera m'chipewa, kutsika pamphumi, m'makutu, mpaka m'khosi. Azakhali anachotsa chipewacho osandifunsa. Anatunga madzi a padenga m'chikho n'kumutsuka mutu ndi manja awo, ndipo mwaye utachoka panatsala kamutu kofiira, kapatalipatali, ngati munda wodyedwa ndi mbuzi. Anamugwira phazi n'kudina ndi chala chachikulu. Anayang'ana kadzenje kaja nthawi yaitali. Kenaka anati, "Kaitane amako."

Amayi anabwera akuthamanga ndi mimba yawo, matope mpaka m'mawondo, ndipo ataona mutu uja uli pambalambanda anangogwada pakhonde pomwepo.

"ANambewe," anatero azakhali kwa amayi, "mwaye ndi mankhwala?"

"Ndimaopa pakamwa pa anthu, alamu."

"Anthuwo ndine, ndipo ndalankhuladi. Za tsempho tidzakamba tikabwerako. Berekani mwana."

Azakhali anatulutsa njinga ya amuna awo, anakwinya chitenje, amayi n'kukhala pakaliyala Enelesi ali kumsana. Ndinawaona akulowera njira ya kumsewu waukulu mvula isanakate, njinga ikuterereka m'matope, azakhali akupalasa ndi mkwiyo ngati akukamenya munthu.

Masiku otsatira ndiwo anali oipa kuposa onse. Kuchipatala anawagoneka, ine ndinatsala ndi ana a azakhali. Munthu aliyense wochokera kumsewu ndinkamuyang'ana kayendedwe, ngati akubwera mofulumira kapena mozyolika, ngati wapatukira kwa akuluakulu asanafike kwathu. Mkazi akaseka mokweza kutali ndinkayamba ndaima, poganiza kuti ndi mfuu ya maliro. Ndinkadziwa mwambo wake: maliro akatha, abale onse amakhala pamzere n'kumetedwa mpala. Ndinali nditaonapo ana anzanga akubwera kusukulu mitu ili mbee, tonse n'kudziwa kuti kwawo kwagwa zovuta. Ndiye ndinkangodzigwira m'mutu, ndikumva kale kuzizira kwa lumo. Tsitsi langa sindinalitsuke kapena kulipesa nthawi yonseyo. Linamangana mfundo zokhazokha, ndipo ndinkaopa kuti ndikalikonza ndiye kuti ndikulikonzera lumolo. Maganizo a mwana, koma anandigwira zolimba.

Azakhali anabwerako okha poyamba. Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe kuti ndisamve, koma mawu awo ankamveka mudzi wonse. Mwana ali moyo, akumumwetsa mkaka wa kuchipatala. Anamwino akuti si tsempho, ndi chakudya chosakwana m'thupi. "Iwo akutero," anawonjezera, "ine zanga ndikuzidziwa." Sanavomereze kuti analakwa, ndipo sanavomereze mpaka kumwalira kwawo. Koma tsiku lomwelo anatsitsa kathumba ka nsawa kamene anabisa kudenga, anandipatsa mtondo, n'kundiimirira pamutu mpaka nsinjiro zinasalala. Nkhuku yawo ikaikira, dzira linkasungidwira Enelesi, ndipo mwana wawo aliyense wolisuzumira ankalandira khofi.

Enelesi atabwera ndinalira, chifukwa anali woonda kuposa mmene anapitira. Kutupa kuja kutaphwa kunatsala mafupa, khungu likusupuka m'miyendo. Amayi anandifotokozera kuti kunenepa kuja anali madzi, mwana weniweni ndi ameneyu, ndipo tiyambira pamenepa. Phala la nsinjiro, dzira, kapenta wosinja, chiwawa, masamba a maungu aja, pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Za mutu analamula kuti chipeso chisayandikire, kuluka ayi, ulusi ayi, chipewa ayi. Madzi a chewe, zala zokha, ndi kadontho ka mafuta oyera opanda chosakaniza. Ankanena zimenezi akuyang'ana pansi.

Maungu atayamba kupsa ndipo tikudya mondokwa, tsiku lina ndinamukhazika padzuwa kuti ndimutsuke. Ndinagawa tsitsi lofiira lija ndi zala, ndipo pansi pake, pakhungu penipeni, ndinaona mzere wakuda. Ndinaganiza kuti ndi mwaye wakale. Ndinathira madzi n'kutikita, sunachoke. Ndinagawa pena, ndi penanso, paliponse unalipo: tsitsi latsopano, lakuda, lopotana, likukankha lofiira lija kuchokera pansi. Ndinakoka pang'ono kuti ndione ngati lithothoke. Silinathothoke, koma mwini mutu anatembenuka, nandiwomba pakamwa ndi kadzanja kake, n'kuyamba kulira mokwiya. Ndinakuwa kuitana amayi. Anabwera ndi mthiko m'manja, anagwada, anayang'ana, kenaka anakhala pansi padothi n'kudziphimba kumaso ndi chitenje.

Amayi anandiphunzitsa zonse za tsitsi, ndipo ana anga ndimawatsuka ndi kuwaluka mwa njira yawo yomweyo, ngakhale chewe masiku ano n'chosowa ndipo nsatsi ndimachita kugula m'botolo pamsika wa Katete. Koma dzinja lija ndinaphunzira chimene iwo eni anachiphunzira mochedwa, kuti tsitsi la mwana limadyera m'mimba, ndipo likasintha mtundu likukuuza zimene mwanayo sangathe kunena. Sindiwaweruza. Anali mkazi yekha pamudzi wa eni, ndi mimba, ndi nkhokwe yopanda kanthu, ndipo manyazi amapha nzeru. Enelesi lero ndi mayi wa ana ake, za dzinja lija sakumbukako kalikonse, ndipo amandiseka kuti ndine wamantha. Mwina ndinedi. Ndikakwera minibasi ya ku Chipata n'kuona mwana wa masaya otupa, watsitsi lofewa lofiirira, atangoti duu pamiyendo ya amake, sinditha kukhala chete ngati anthu ena aulemu. Ndimapempha kumunyamula, ndimamudina phazi, ndipo ndimawauza amakewo m'maso kuti atsikire pachipatala lero lomwe, osati mawa. Ena amathokoza. Ambiri amandifunsa kuti kodi ndinu ndani inu, ena mpaka kunditukwana basi yonse ikumva. Anditukwane, ine ndilibe nazo kanthu, bola atsike.