Filimu Imene Bambo Anabwera Nayo

Bambo anga anandilanda sukulu. Ndinali Fomu 2 pamene anagulitsa pampu yathu yopalasa ndi miyendo, yomwe tinkathiririra kudimba, n'kukwera basi ya ku Joni. Pampuyo ndiyo inkabala kabichi, kabichiyo n'kubala fizi. Teremu yotsatira ndinangokhala pakhomo. Chaka choyamba ankaimba foni, kenako zii. Anatha zaka zisanu ndi chimodzi.

Dimba ndinalitenga ine. Ndi la amayi, poti kwathu kuno kumunsi kwa Chongoni mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo munda umene amalima si wake. Ndinkathirira ndi ndowa, m'mawa wa Juni madzi akuluma zala. Loweruka ndinkamanga matumba panjinga kupita ku Linthipe. Sindinalemere, koma mchere ndi sopo sizinasowe m'nyumba.

Bambo anatulukira masana ena a Julayi ndi chikwama chimodzi, jekete lachikopa ndi foni yaikulu yosweka galasi. Sanadzere kwa ankhoswe. Mkamwini amene wasowa zaka zonsezo sangolowa pakhomo ngati akuchokera kuchigayo. Amayamba wapita kwa anthu amene anaimira ukwati wake, kukanena kuti ndabwera, ndinalakwa. Iwo anangofikira pakhonde pomwe amayi ankasankha nyemba m'lichero.

"Amake mwana, tandigawireni madzi akumwa."

"Mwasochera kodi?" anatero amayi osadzutsa mutu. "Njira ya ku Joni ndi iyo mwaisiya kumbuyoyo."

Bambo anaseka, n'kundiyang'ana ine. "Iwe, mpaka ndevu?"

Ndinkadikira kuti apepese. M'malo mwake anatulutsa foni ija, n'kuitsamiritsa kumpando.

"Muli filimu ya ku Nigeria umu. Tangoionerani, ikulankhulirani zimene ine sindingathe."

Inali ya mtundu uja anyamata a m'tauni amaikamo mawu a Chichewa, munthu mmodzi kulankhulira onse, mwamuna ndi mkazi yemwe, n'kumathiramo zakezake. Nkhani yake ndi iyi. Mwamuna wasiya mkazi wake, wapita kunja. Pagalasi palembedwa kuti papita zaka khumi. Wabwera ndi galimoto yakuda, wapeza mkazi uja akugulitsa nsalu musitolo. Mkazi akumukana, akumutsekera chitseko, akulira kubafa. Pamapeto mwamuna agwada pamvula, suti yonse kunyowa, ndipo womasulira uja akufuula: "Amayi inu, mtima pansi! Mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda!" Apa bambo anaseka mpaka kutsokomola.

Ndinaionera yonse nditaimirira, ndiye ndili ndi ufulu woinena. Osewera ake amadziwa kulira. Nyimbo zake n'zabwino. Bodza lake lili pamalo amodzi: pa mawu aja akuti papita zaka khumi. Amaoneka kanthawi kochepa kuposa kumeza malovu. Zaka zitadutsa, mkazi uja nkhope ili yomweyo, zikhadabo zopaka utoto, sitolo yodzaza. Ndani anadzaza sitoloyo? M'nyumbamo mulibe mwana. Opanga filimuyo anachita dala kusaikamo mwana, chifukwa mwana akanaima pakhomo n'kufunsa mafunso, filimu n'kutalika. Zaka zimene iwo anadumpha ndi zimene ine ndinasenza ndi ndowa.

Ndinatembenuka kuti ndinene zimenezi kwa amayi. Ndinapeza lichero lili pansi, nkhuku zikujompha nyemba, iwo osaziingitsa.

"Tabwezani pamenepo," anatero. "Paja wagwadapo."

Bambo anabweza. Amayi anaonera kawiri. Bambo anga eniakewo sanagwade, anali pampando miyendo atasanjikiza. Munthu wa ku Nigeria ndiye anagwada m'malo mwawo.

Lamulungu titachoka ku Misa ankhoswe anakumana pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba. Kunali kungokwaniritsa mwambo, chifukwa chikwama chinali chitalowa kale kuchipinda. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anatsogolera.

"Alamu, mwalowera pawindo ngati mphaka. Chitseko simunachione?"

"Ndinachita manyazi, alamu."

"Manyazi ake oonetsa mafilimu? Mulipire nkhuku, tambala mmodzi, nkhani ithe."

Anthu anaseka. Tambala wa zaka zisanu ndi chimodzi. Kenako atsibweni anati mwamuna wopanda chogwira ndiye amayamba kuyang'ana msewu, choncho mkamwini abwerere kudimba kumene ankalima.

"Nanga ine?" ndinafunsa.

"Iwe chiyani?"

"Kabichi ali m'dimbamo ndinabzala ndine. Kwatsala masabata atatu kuti ndidule."

"Mphwanga, iwe ndi mwamuna. Munda wako uli kwa mkazi amene udzakwatire. Pano ukungodikira ulendo. Ukufuna ulimbirane dimba ndi bambo ako?"

Ndinayang'ana amayi. Dimba ndi lawo. Liwu limodzi lochokera kwa iwo likanatha nkhani yonse. Ankakonza mfundo ya chitenje chawo, kumasula, kumanganso.

Mawa lake ndinawatsatira kumjigo. Ndinawafunsa ngati filimu ija ndiyo yawatembenuza mutu.

"Usandiyese chitsiru," anatero. "Ndikudziwa kuti zija n'zosewera."

"Ndiye mwawakhululukira bwanji?"

"Ndani wakuuza kuti ndakhululuka? Ndatopa. Kutchalitchi ndimakhala ngati wamasiye, maliro osaoneka. Iwe mawa ukwatira, upita. Ine nditsale ndi ndani?"

"Kabichi wanga?"

"Ndisenzetse ndowayi."

Ndinawasenzetsa. Sabata yomweyo ndinanyamula bulangete langa kupita ku Linthipe, kumene ndimakweza matumba a anthu ena pamalole opita ku Lilongwe. Tsiku lina la msika ndinaona bambo akutsika ndi njinga yanga, matumba awiri kumbuyo. Anagulitsa motchipa kwa woyamba kuwafunsa, chifukwa mitengo ya masiku ano saidziwa. Atandiona anakweza dzanja. Ine ndinali ndi thumba pamsana.

M'dimba muja ndinasiyamo mitu ya kabichi mazana atatu ndi makumi anayi. Mpaka lero sindinalandirepo ngakhale umodzi.