Mmene Banja la Hamon Linatchedwera Deth

Hamon anali wofolera nyumba m'mudzi mwathu mwa Eldmere, kum'mawa kwa Mangalande, kumadambo komwe bango limamera mpaka pakhomo. Masiku amenewo munthu wamba analibe dzina lachiwiri la banja. Ankangomutchula ndi ntchito yake, kapena malo amene ankakhala, kapenanso chilema chake. Iyeyu ankangoti Hamon wa madenga. Anali wamtali, wowonda, wamasaya olowa, koma nthabwala zokhazokha. Akakwera padenga ankaimba mpaka agalu kuuwa.

Chaka china wansembe wathu, Bambo Osbert, anakonza sewero pabwalo la tchalitchi, ndipo pankafunika munthu wokhala Imfa.

"Tisavutike n'kufunafuna," anatero Gamel, mwini chigayo, uku akusisita mimba. "Hamon ndi mafupa kale. Mungomuvula malaya basi."

Anthu anaseka chikhakhali, Hamon naye kuseka. Amene sanaseke ndi mkazi wake, Avice.

"Amuna anga, zinazi n'zosaseweretsa," anatero ali pa njira yobwerera.

"Aaa, mayi, ndi sewero chabe. Ndiponso akuti kuli mowa waulere."

Tsikulo anamupaka njereza kumaso, kumuveka chinsalu chakuda chojambulidwa nthiti, n'kumupatsa chikwakwa. Gamel anali munthu wachuma m'seweromo. Hamon anamunyang'amira kumbuyo, n'kumugwira paphewa. "Tiyeni, bwana, ufa muusiye." Gamel anadzigwetsa, miyendo m'mwamba, anthu n'kumagubuduka ndi phwete. Kuyambira pamenepo dzina linasintha. Aliyense ankangoti Deth, ndiko kuti imfa. "Deth, denga langa likudontha!" Iye ankayankha mosangalala: "Ndikubwera, musathawe!"

Patapita zaka zingapo kunagwa mliri waukulu. Munthu ankatentha thupi, kutuluka zotupa zakuda m'khwapa, sabata isanathe wapita. Woyamba kufa m'mudzi anali Gamel. Mkazi wake, Emmot, anakumana ndi Hamon pachitsime n'kuponya mtsuko pansi.

"Ndiwe! Unamugwira paphewa anthu onse akuona! Chotupa chatuluka mbali yomweyo!"

"Mayi, zakalekale zija? Ndinagwiratu anthu ambiri tsiku lija."

"Nawonso uwatenga!"

Mawuwo anafalikira msanga. Palibenso amene ankamuitana padenga. Akatulukira pamsewu, amayi ankalowetsa ana m'nyumba, ndipo tsiku lina mwala unamupeza pakhutu. Anatembenuka n'kuona kuti wauponya ndi Emmot. Bambo Osbert analalikira kuti zimenezo n'zopusa, koma nawonso anagona osadzukanso, ndipo anthu anakumbukira kuti chikwakwa chija Hamon anachilandira m'manja mwa wansembeyo.

Kenako mliri unalowa m'nyumba mwa Hamon. Unayamba ndi mwana wake wamkazi, Idony, amene anali atangotomeredwa kumene. Avice anamusamala mpaka naye anagwa. Hamon anayenda khomo ndi khomo kupempha womuthandiza kunyamula maliro. Ena ankayankhira m'kati kuti achoke, ena ankangotseka zitseko. Anakumba yekha, n'kuwaika mayi ndi mwana m'dzenje limodzi. Pemphero la maliro sankalidziwa, choncho anangonena Atate Wathu. Kunyumba kunatsala khanda lalimuna, Wymond, limene ankalimwetsa mkaka wa nkhosa poviika kansalu.

Pofika nthawi yokolola, tirigu anangoima m'minda wopanda womudula. Okumba manda onse anali atafa, ndipo fungo linali litayamba kutuluka m'nyumba. M'mawa wina Hamon anamva munthu akumuitana. Anali Emmot, ataima kutsidya kwa ngalande.

"A Hamon, mwana wanga wamwalira dzana. Akadali pamphasa. Inu matendawa sakugwirani."

"Lero ndakhala a Hamon?"

Mayiyo anangowerama.

"Khutu langali silinapole, mayi."

Emmot sanapepese, komanso sanachoke. Hamon analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ankafuna mayiyo amve mmene zimawawira. Koma mnyamata womwalirayo ankamudziwa, ndiye amene ankafuna kukwatira Idony. Anatuluka ndi fosholo, khanda lili m'dengu.

Umu ndi mmene anayambira kuika maliro a mudzi wonse. Ankakoka ngolo yekha, dengu la mwana n'kuliika pamthunzi pafupi ndi manda. Anthu ankamusiyira buledi pamwala wa m'malire, koma womupatsa pamanja panalibe. Sanadwale ngakhale chimfine, ndipo chimenecho ndicho chinamumaliza. "Adwala bwanji mwini wake?" ankanong'onezana choncho anthu omwewo amene ankawaikira abale awo.

Mliri utatha, nyumba zambiri zinali mabwinja, ndipo otsalawo ankaitana wofolera wa mudzi wina. Hamon anakhalabe kumanda. Palibe mkazi amene analola kulowa m'nyumba mwake. Wymond atakula anathawira ku tawuni ya oluka nsalu, kumene ankangodzitchula kuti mwana wa Hamon. Zinamuyendera mpaka tsiku limene wogulitsa ubweya wa kwathu anamuona pamsika n'kukuwa kuti, "Si mwana wa Deth uyu?" Anzake a ntchito anaseka, dzina n'kumumatirira. Anamenyana nawo kangapo, kenako anangotopa.

Anabwera kudzaona bambo ake kamodzi kokha, ali ndi mkazi ndi kamwana koyenda dededede. Hamon anali atakalamba, msana utapindika.

"Dzina lake ndani?" anafunsa.

"Piers."

"Piers chiyani? Paja kutawuni mumakhala ndi maina awiri."

Wymond anayang'ana kumbali. "Piers Deth, bambo. Ndi mmene amatidziwira."

Mkuluyo anagwedeza mutu, n'kutambasula dzanja kuti agwire chala cha mdzukulu wake. Mpongoziyo anamukoka mwanayo msanga n'kumunyamula. Anati kukuda, ulendo ndi wautali, ngakhale dzuwa linali pamutu.

Hamon anamwalira nyengo yozizira yotsatira. Anamupeza odula bango, atakhala tsonga pakhomo pake, chisanu chitamuyeretsa ndevu. Zidzukulu za Piers zilipo zambiri kutawuni kuja, ena ndi oluka nsalu, ena ophika buledi, ndipo onse ndi a Deth. Ku Eldmere sanabwereko ndi mmodzi yemwe.